Valproato: mankhwala a munthu amene akugwabe khunyu, ndi kamwedwe kake kosaika moyo pachiswe

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mwa anthu 10 odwala matenda a khunyu, pafupifupi 7 angathe kusiya kugwa atapeza mankhwala oyenera n'kumamwa mosadukiza. Otsalawo ndi amene mabanja awo amasowa nawo tulo. Mwana wamwa fenobarbital chaka chathunthu koma akugwabe mlungu ndi mlungu. Bambo anamusinthira ku carbamazepina koma wapsa kale pamoto. Zikafika apa, kaya munthu akuonedwa ku Ulongwe, ku Furancungo, ku Moatize kapena mumzinda wa Tete, limodzi mwa mayina amene angaone pa receita ndi valproato de sódio.

Mankhwalawa si atsopano. Mphamvu yake yoletsa kugwa inadziwika ku France kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo anayamba kuperekedwa kwa odwala kumeneko mu 1967. Munthu amagwa khunyu pamene maselo ambiri a muubongo atulutsa mphamvu yamagetsi nthawi imodzi mosalongosoka. Valproato amachepetsa kutakasika kumeneku, mwa zina pochulukitsa GABA, chinthu chimene ubongo umapanga wokha kuti udzikhazike pansi. Ubwino wake waukulu ndi wakuti amagwira mitundu yambiri ya khunyu: kugwa kouma thupi ndi kuphiriphitha, kungoti duu kwa timphindi tochepa kumene kumachitika mwa ana, komanso kudzidzimuka kwa manja kwa m'mamawa. Koma ndi mankhwala ofuna kuwadziwa bwino, chifukwa akhoza kuwononga chiwindi, kuchepetsa mphamvu ya magazi youndana, ndiponso kulumaza mwana amene ali m'mimba.

Kodi matendawa akanadi mankhwala?

Madokotala amati matenda a khunyu akana mankhwala pokhapokha munthu atayesa mitundu iwiri yoyenerana ndi mtundu wa khunyu umene ali nawo, pa mlingo wokwanira, namwa mokhulupirika, koma n'kumagwabe. Tanthauzo limeneli linakhazikitsidwa ndi bungwe la International League Against Epilepsy mu 2010. Mawu akuti "mlingo wokwanira" ndi "mokhulupirika" ndi amene ayenera kufufuzidwa kaye, chifukwa anthu ambiri amene amaoneka ngati mankhwala awakana, vuto lawo limakhala lina.

Mwana amene anamuyeza kulemera ali ndi zaka 4 n'kumamwabe mlingo womwewo ali ndi zaka 9, ndiye kuti akumwa mankhwala operewera. Munthu amene mapiritsi amamuthera pa 20 mwezi uliwonse n'kudikira tsiku la msika kuti apeze galimoto, thupi lake limakhala masiku angapo lopanda chitetezo. Kachasu, kuchezera usiku kumaliro kapena pogwira ntchito ya usiku, ndi kutentha thupi kwa malungo, zonsezi zimadzutsa kugwa ngakhale mwa munthu amene mankhwala ake ndi abwino. Palinso kusankha molakwika: carbamazepina amathandiza kwambiri khunyu loyambira mbali imodzi ya ubongo, koma akhoza kuwonjezera vuto mwa mwana wongoti duu kapena wachinyamata wodzidzimuka manja. Ndipo si aliyense wogwa pansi amene ali ndi khunyu. Kukomoka chifukwa cha mtima, shuga wotsika, kapena kupsinjika maganizo kumafuna chithandizo china.

N'chifukwa chake kope la sukulu la masamba ochepa lili ndi ntchito yaikulu. Lembani tsiku, nthawi, kutalika kwa kugwako, chimene chinayamba kugwedezeka, ndiponso ngati mapiritsi anadumphidwa dzulo lake. Ngati pakhomo pali foni yojambula, wina ajambule kanema pamene wina akusamalira wodwala. Técnico de psiquiatria, amene m'zipatala zambiri za m'Mozambique ndi amene amaona odwala khunyu, amaphunzira zambiri pa kanema wa theka la mphindi kuposa pa kufotokoza kwa anthu atatu otsutsana.

Kuno kwathu pali chifukwa china chimene sitingachilambalale. Kafukufuku wochitika m'boma la Angónia anapeza kuti nkhumba zambiri zili ndi masese, amene ndi ana a njoka ya m'mimba yotchedwa Taenia solium, ndipo matendawa anapezekanso mwa anthu. Wodya nyama ya masese yosapsa bwino amakhala ndi njoka m'matumbo. Mazira ake amatuluka m'chimbudzi, ndipo amene wawameza kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo, timatumba ta njokayi timatha kukamera muubongo wake, ngakhale iye sadya nkhumba. WHO imati m'madera amene njokayi ndi yofala, pafupifupi odwala khunyu 30 mwa 100 alionse chiyambi chake chimakhala chimenechi. Munthu wamkulu amene wayamba kugwa mwadzidzidzi, makamaka ngati mutu umamupweteka kwambiri kapena dzanja limodzi lafooka, afunse zotumizidwa ku chipatala chachikulu kuti akaunikidwe. Asagule yekha mankhwala a njoka monga albendazol kapena praziquantel kuti aphe timatumbato, chifukwa tikamafa timatupitsa ubongo ndipo kugwa kumawonjezeka.

Mlingo, ndi botolo limene lingakupusitseni

Mlingo amaika ndi wachipatala. Manambala ali pansipa ndi oti mudziwe ngati zimene zalembedwa zikugwirizana ndi zimene mwapatsidwa ku farmácia.

Munthu wamkulu amayamba ndi 400 mpaka 600 mg patsiku, theka m'mawa theka madzulo. Mlingo umakwezedwa pang'onopang'ono mpaka kugwa kutasiya, ndipo ambiri amakhazikika pakati pa 1000 ndi 2000 mg patsiku. Ana amawerengeredwa potengera kulemera: amayamba ndi 10 mpaka 20 mg pa kilogalamu iliyonse patsiku, ndipo ambiri amakhazikika pa 20 mpaka 30 mg. Kupitirira 40 mg pa kilogalamu kumafuna kuyeza magazi pafupipafupi. Choncho mwana akwere sikelo nthawi iliyonse akapita kukatenga mankhwala.

Mapiritsi ofala ndi a 200 mg ndi a 500 mg. Ambiri ali ndi chikutiro choti asasungunukire m'chifu koma m'matumbo, ndipo ena, olembedwa Chrono, amatulutsa mankhwala pang'onopang'ono tsiku lonse. Onsewa amamezedwa ndi madzi, osatafuna, osasinja n'kuthira m'phala. Mukasinja, mimba imawotcha, ndipo mankhwala amene anayenera kulowa m'magazi kwa maola ambiri amalowa nthawi imodzi. Mwana wosatha kumeza piritsi amafunika mankhwala amadzi.

Apa m'pofunika kutsegula maso. Valproato amadzi alipo a mphamvu zosiyana. Botolo lina limakhala ndi 200 mg mu 5 ml. Lina limakhala ndi 200 mg mu 1 ml yokha, kutanthauza kuti ndi lamphamvu kasanu. Tiyerekeze mwana wolemera makilogalamu 20 amene walemberedwa 400 mg patsiku, 200 m'mawa ndi 200 madzulo. Pa botolo loyamba amamwa 5 ml nthawi iliyonse. Pa lachiwiri amamwa 1 ml. Mayi amene anazolowera 5 ml akapatsidwa botolo lachiwiri popanda womuuza, mwanayo amamwa 1000 mg nthawi imodzi. Botolo likasintha maonekedwe, musachoke pawindo la farmácia musanafunse kuti, "Pa botolo ili ndizimumwetsa ma ml angati?" Wogawa mankhwalayo ajambule mzere pa sirinji yomwetsera. Sipuni ya tiyi si muyeso, chifukwa masipuni a m'nyumba amasiyana kukula.

Anthu a m'malire ali ndi msampha winanso. Wa ku Calómuè kapena ku Zobwe nthawi zina amatenga mankhwala mbali ino, mwezi wina n'kukatenga ku Dedza kapena ku Mwanza. Pa paketi ina palembedwa valproato de sódio, pa ina sodium valproate, ácido valpróico, Epilim kapena Depakine. Onsewa ndi mankhwala amodzi. Wosadziwa amamwa onse awiri poganiza kuti wawonjezeredwa mtundu wina, n'kupezeka wamwa mlingo wowirikiza. Kulikonse kumene mwapita, nyamulani mapaketi onse ndi khadi lanu, ndipo pakhale chipatala chimodzi chimene chikutsogolera chithandizo.

Imwani nthawi yofanana tsiku lililonse, motalikirana maola pafupifupi 12, monga 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, mutadya kanthu kuti mseru uchepe. Mukaiwala n'kukumbukira pasanathe maola 6, imwani pomwepo. Akapitirira, dikirani nthawi yotsatira ndipo musamwe awiri kuti mubweze. Mwana akasanza pasanathe mphindi 30 atamwa, mumwetseninso mlingo womwewo. Akasanza nthawi imeneyi itapita, musabwereze. Akamasanza mosalekeza moti mankhwala sakukhala m'mimba, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Valproato amakoka chinyezi. Piritsi lotulutsidwa m'pepala lake n'kusiyidwa pambale limafewa ndi kunyowa, choncho litulutseni pa nthawi yomwera yokha. Ngati mwapatsidwa m'kapulasitiki, kaikeni m'botolo louma lotsekeka bwino. Kutentha nakonso kumawononga mankhwala, ndipo mumzinda wa Tete ndi m'chigwa cha Zambezi kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala. Musawasomeke pansi pa malata, pafupi ndi moto kapena m'thumba la njinga yamoto. Sungani pamalo ozizirirako, pamene ana sangafike, makamaka amadzi aja chifukwa ndi otsekemera. Mwana amene wamwa ochuluka amawodzera kwambiri, kupuma kumachepa, ndipo akhoza kukomoka. Thamangani naye kuchipatala mutanyamula botololo, musayese kumusanzitsa.

Miyezi 6 yoyamba: chiwindi, kapamba ndi magazi

Zovuta zambiri za valproato ndi zopiririka. Mseru, kunjenjemera pang'ono kwa manja, kuwodzera, njala yambiri ndi kunenepa, tsitsi kuthothoka kwa kanthawi n'kumeranso. Zimenezi muzinene, chifukwa nthawi zina kuchepetsa mlingo pang'ono kumazithetsa, koma si zifukwa zosiyira mankhwala.

Kuwonongeka kwa chiwindi n'kosowa, koma kumapha. Kumachitika kwambiri m'miyezi 6 yoyambirira, ndipo amene ali pachiopsezo chachikulu ndi ana osakwana zaka 3, makamaka omwa mitundu ingapo ya mankhwala a khunyu nthawi imodzi komanso amene kakulidwe kawo kanachedwa. Munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi, kapena amene m'bale wake anadwalapo chiwindi koopsa atamwa valproato, sayenera kupatsidwa mankhwalawa. Ngati munapezekapo ndi matenda a chiwindi a hepatite B, kapena mumamwa mowa kwambiri, nenani poyera musanayambe. Kumene kuli labotale, magazi ayezedwe musanayambe komanso kangapo m'miyezi imeneyi: transaminases zoonetsa mmene chiwindi chilili, ndi hemograma yowerenga tizigawo ta magazi.

Komabe magazi abwino a mwezi watha sateteza munthu lero. Amene amaona zizindikiro poyamba ndi wa pakhomo. Mwana wafooka mwadzidzidzi, akukana chakudya, akusanza mobwerezabwereza, akungogona, nkhope kapena miyendo yatupa, kapena kugwa kumene kunasiya kwayambiranso popanda chifukwa. Chikasu m'maso ndi mkodzo wakuda zimabwera mochedwa, musazidikire. Vuto lake n'lakuti zizindikiro zimenezi zimafanana ndi za malungo. Mwana amayezedwa, amapezeka alibe malungo, amapatsidwa paracetamol n'kubwerera kunyumba, palibe amene watchula valproato. Inu nenani mawu amenewa musanafunsidwe: "Mwanayu akumwa valproato, anayamba mwezi wakuti." Ngakhale malungo atapezeka, nenanibe.

Kupweteka kwambiri kwa pamwamba pa mimba kopyoza kumsana, pamodzi ndi kusanza, kungakhale kutupa kwa kapamba, chiwalo chopanga insulini. Kumeneku kungabwere ngakhale patapita zaka. Munthu wosokonezeka mutu, wolankhula mosamveka kapena wogona osadzutsika, mwina amoniya, chinthu chimene chiwindi chimachotsa m'thupi, wachuluka m'magazi, zimene zimachitika kwambiri valproato akaphatikizidwa ndi fenobarbital kapena mankhwala ena a khunyu otchedwa topiramato. Zonsezi n'zopita nazo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo wachipatala ndiye asankhe zoimitsa mankhwala ndi choika m'malo mwake.

Valproato amachepetsanso ma plaquetas, tizigawo ta magazi timene timatseka bala. Zizindikiro zake ndi kamfuno, magazi m'nkhama, mabala akuda pakhungu osadziwika chiyambi, ndi msambo wochuluka. Munthu asanachotsedwe dzino, asanachitidwe opareshoni kapena mdulidwe, wochita ntchitoyo adziwe. Aspirina amawonjezera kutaya magazi ndipo amakweza mphamvu ya valproato m'thupi, choncho mwana womwa valproato asapatsidwe aspirina. Thupi likatentha, mupatseni paracetamol pa mlingo wake.

Atsikana, amayi ndi pathupi

Nkhani iyi ndi yolemera kuposa zonse, ndipo ndi imene imanenedwa mochepa. Mwa ana 100 obadwa kwa amayi amene anamwa valproato ali oyembekezera, pafupifupi 10 amabadwa ndi chilema chachikulu: msana wosatsekeka, mlomo kapena m'kamwa mong'ambika, vuto la mtima, la impso kapena la manja ndi miyendo. Mwa amayi ena onse, chiwerengerochi ndi ana 2 kapena 3 pa 100. Kuwonjezera apo, ana 30 mpaka 40 pa 100 a amayi omwa valproato amachedwa kuyenda ndi kulankhula, ndipo amavutika kuphunzira. Mlingo ukakhala waukulu chiopsezo chimakula, koma palibe mlingo umene tinganene kuti ndi wotetezeka. Msana wa mwana umatsekeka m'masiku 28 oyambirira, nthawi imene amayi ambiri amakhala asanazindikire n'komwe kuti aima.

Pa chifukwa chimenechi, malangizo a WHO a 2023 amati atsikana ndi amayi amene angathe kutenga pathupi asapatsidwe valproato, ndipo m'malo mwake ayambe ndi mankhwala ena a khunyu, lamotrigina kapena levetiracetam. Kumene mankhwala amenewa sakupezeka, kapena ayesedwa n'kulephera, mayi angathe kukhalabe pa valproato, koma adziwe zoona zake zonse ndipo akhale pa njira yodalirika yolera. Kumubisira poopa kuti asiya mankhwala n'kumulakwira. Iye ndi amene adzalere mwanayo.

Valproato safooketsa njira zolera. Koma ngati mayi akumwanso carbamazepina, fenobarbital kapena fenitoína, mankhwala amenewo amafooketsa mapiritsi olera ndi implante ya pamkono, ndipo pathupi pamatha kubwera mayi akuganiza kuti ndi wotetezeka. Kwa iye lupu kapena jakisoni wa miyezi itatu ndi zodalirika. Mayi aliyense womwa mankhwala a khunyu amene angatenge pathupi amalangizidwa kumwa vitamini wotchedwa ácido fólico wa 5 mg tsiku lililonse. Ndi wothandiza, koma sachotsa chiopsezo cha valproato.

Kamtsikana koyamba valproato kali ndi zaka 8 kadzatha msinkhu kakumwabe. Amayi ake, azakhali kapena agogo amene amamuperekeza kuchipatala ayambitse nkhani yosintha mankhwala asanathe msinkhu, osadikira kuti akwatiwe. Banja lofuna mwana lipite limodzi, mwamuna ndi mkazi, miyezi ingapo lisanasiye kulera, chifukwa kusintha mankhwala kumatenga nthawi. Apongozi amene akufunsa za mdzukulu nawonso afotokozeredwe chifukwa chodikirira.

Nanga mayi akazindikira kuti waima ali pa valproato? Asasiye mapiritsi. Kusiya mwadzidzidzi kungabweretse kugwa kosalekeza kumene kungaphe iye ndi mwana yemwe. Apite kuchipatala mlungu womwewo, auze a kusikelo ndi amene amamupatsa mankhwala a khunyu, ndipo akonzekere kukachirira kuchipatala. Akabereka angathe kuyamwitsa, chifukwa valproato amalowa mumkaka pang'ono chabe. Poyamwitsa akhale pamphasa, ndipo asasambitse khanda ali yekha.

Abambo nawonso ali ndi gawo. Mu 2024 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya la EMA linachenjeza kuti mwina pangakhale chiopsezo cha kakulidwe ka ubongo mwa ana amene bambo awo ankamwa valproato m'miyezi 3 pathupi pasanakhale. Chiopsezo chimenechi ndi chaching'ono poyerekeza ndi cha amayi, koma bambo wofuna mwana akambirane ndi wachipatala, asasiye yekha.

Akakumana ndi mankhwala ena

Posintha mankhwala, atsopano amakwezedwa kaye mpaka afike pa mlingo wogwira ntchito, kenako akale amatsitsidwa pang'onopang'ono. Fenobarbital makamaka amatsitsidwa kwa miyezi, chifukwa thupi limakhala litawazolowera. M'nthawi imeneyi valproato amachedwetsa kuchoka kwa fenobarbital m'thupi, moti mlingo umene munthu wamwa kwa zaka umayamba kumugoneka masana ndi kumudzandiritsa. Carbamazepina amachita zosiyana: amatsitsa valproato m'magazi, ndipo pamodzi angabweretse chizungulire ndi kuona zinthu ziwiriziwiri.

Kuphatikiza valproato ndi lamotrigina kumathandiza anthu ambiri amene mankhwala ena anawalephera, koma kuli ndi lamulo lake. Valproato amachititsa lamotrigina kukhalitsa m'thupi nthawi yowirikiza, choncho munthu wamkulu amayamba ndi 25 mg yokha, kumwa lero mawa n'kudumpha, kwa milungu iwiri, kenako 25 mg tsiku lililonse kwa milungu ina iwiri, asanakwezedwe. Kuthamangira kumabweretsa zidzolo zoopsa zotchedwa Stevens-Johnson, zimene zimasupula khungu ngati munthu wapsa. Zidzolo zilizonse m'milungu 8 yoyamba, makamaka zobwera ndi kutentha thupi, zilonda m'kamwa kapena maso ofiira, n'zofunika kuonedwa tsiku lomwelo, munthu asanamwe lamotrigina wina. Amene wakhala masiku oposa 5 osamwa lamotrigina asayambirenso pa mlingo wakale. Abwerere kuchipatala, chifukwa angafunike kuyambira pansi.

Kwa amene ali pa TARV, ndiye kuti mankhwala a HIV, carbamazepina, fenobarbital ndi fenitoína amatsitsa m'magazi dolutegravir, amene ndi amodzi mwa mankhwalawo, moti kachilombo kangayambenso kuchulukana. N'chifukwa chake ena amawonjezeredwa piritsi la dolutegravir la 50 mg madzulo, ndipo ena amasinthidwira ku valproato, amene savuta motero. Valproato amakweza zidovudina, mankhwala a HIV amene ana ena amamwa, choncho magazi awo aziyezedwa. Pa mankhwala a TB, rifampicina amatsitsa valproato, ndipo isoniazida amawonjezera katundu pa chiwindi. Meropenem, mankhwala obaya amene amaperekedwa kwa ogonekedwa, amagwetsa valproato m'magazi m'masiku awiri okha. Womudikirira wodwala m'chipatala ndi amene angakumbutse anamwino kuti m'bale wakeyo amamwa mankhwala a khunyu, ndiponso kuti asadumphe ngakhale ali pabedi.

Malungo achizidwe msanga ndi mankhwala a kuchipatala, valproato akumwedwabe. Mowa umadzutsa kugwa, makamaka m'mawa wa matsire, ndipo umawonjezera katundu pa chiwindi. Za mankhwala azitsamba, mabanja ambiri amayenda njira zonse ziwiri, ndipo ndi bwino kunena zoona kuchipatala kusiyana ndi kubisa. Osanzitsa ndi otsegula m'mimba amataya mapiritsi asanagwire ntchito, zitsamba zina zimapweteka chiwindi, ndipo mphini zimatha kutaya magazi ambiri mwa munthu amene ma plaquetas ake atsika. Pemphero sililimbana ndi mapiritsi. Wosala kudya amwebe mankhwala pa nthawi yake.

Akagwa, ndi masiku ena onse

Mwa munthu amene matenda ake ndi ovuta, kugwa kungachepe osatheratu, choncho onse a pakhomo ndi aphunzitsi adziwe chochita. Musuntheni pa moto, pamadzi kapena pamsewu, ikani chitenje chopinda pansi pa mutu, masulani zothina pakhosi, ndipo yang'anani nthawi. Musamupanikize, musaike sipuni, mtengo kapena chala m'kamwa, musamumwetse madzi kapena mapiritsi. Munthu sameza lilime lake. Kuphiriphitha kukasiya, mugonekeni chammbali kuti malovu atuluke, ndipo mukhale naye mpaka atatsitsimuka. Malovu ake, mkodzo wake ndi mpweya wake sizipatsira khunyu. Mantha amenewa asiya anthu ambiri akupsa pamoto ena akungoyang'ana.

Kugwa kukapitirira mphindi 5, kapena kukabwerezeka munthu asanatsitsimuke, musadikirenso, thamangani naye kuchipatala. Achipatala amaletsa kugwa kotere ndi diazepam wobaya mumtsempha kapena wolowetsa kumbuyo. Thamangani nayenso kuchipatala ngati wogwayo ndi woyembekezera, wavulala mutu, kapena anagwera m'madzi.

Wodwala amene akugwabe asaphike yekha pa mafuwa, asatunge madzi pachitsime chosatchinga, asasambe kapena kuwedza yekha mu Zambezi, mu Revúbuè kapena panyanja ya Cahora Bassa, asakwere padenga kapena mumtengo, ndipo asayendetse galimoto kapena njinga yamoto. Amene amagwa usiku asagone yekha m'nyumba, chifukwa imfa yadzidzidzi ya odwala khunyu imachitika kwambiri usiku, mwa anthu amene amagwa pafupipafupi kouma thupi. Koma kusukulu apite, kumunda apite ndi anzake, ndipo adye mbale imodzi ndi abale ake.

Kutha kwa mapiritsi ndi chimodzi mwa zifukwa zazikulu za kugwa kosalekeza. Pitani kukatenga ena kukadali a mlungu wathunthu. Mvula isanayambe mu Novembala kapena Disembala, amene amakhala kutali ku Macanga, ku Chifunde kapena ku Tsangano afunse ngati angapatsidwe okwanira nthawi yotalikirapo, popeza misewu ndi mitsinje zimatseka njira. Mukapeza kuti valproato palibe, musayambe kumwa theka kuti akhalitse, ndipo musabwereke mapiritsi a mnansi amene nayenso amagwa. Onanani ndi técnico kapena dokotala tsiku lomwelo kuti akuuzeni kumene angapezeke kapena choyamba kumwa podikira.

Munthu akakhala zaka ziwiri osagwa, wachipatala angaganizire zochepetsa mankhwala pang'onopang'ono kwa miyezi iwiri kapena itatu, mwinanso kupitirira. Kwa amene anavutika kupeza mankhwala omuyana, kapena amene ali ndi chipsera muubongo, mwayi woti kugwa kubwerere ndi waukulu, ndipo ambiri amalangizidwa kupitiriza. Ngati valproato wafika pa mlingo wokwanira kwa miyezi ingapo koma kope likuonetsa kuti kugwa sikunachepe, pemphani guia de transferência, kalata yokutumizani, yopita ku Hospital Provincial de Tete, mutanyamula kopelo, makanema, ndi mndandanda wa mankhwala onse amene anayesedwapo pamodzi ndi milingo yake.